Cingerezi ca pa Nchito ndi pa Malonda

Pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka kum'mawa, umene auchula Great East Road, munthu akapitirira Chongwe afika pa malo ochedwa Chinyunyu. Apaulendo awadziwa malowa cifukwa ca akasupe a madzi otentha amene atumphuka pansi pafupi ndi mseu, dzinja ndi malimwe omwe. Dzikolo ndi la Asoli, m'dera la Mfumu Bunda Bunda. Ndipo kuyambira pamene Rufunsa anapatulidwa kucokera ku Chongwe, Chinyunyu ali m'boma la Rufunsa. Anthu ambiri a kumeneko ndi alimi a cimanga, ndipo ana ao ambiri, akatsiriza sukulu, akwera basi kukafuna nchito ku Lusaka.

Mwana wobadwira kumeneko akula ndi zinenero zitatu. Cisoli acimva kwa agogo ace. Cinyanja acipeza kusukulu, pamsika ndi m'basi. Koma tsiku limene afuna nchito, kapena ngongole, kapena ndalama za cimanga cace, apatsidwa pepala lolembedwa m'Cingerezi, namuuza kuti alembe dzina lace pansi pace. Phunziro ili linena za Cingerezi ca pa pepala limenelo. Anyamata anyadira mau atari-atari pa bwalo. Koma pa nchito pafunika mau owerengeka okha, amene munthu awadziwa kweni-kweni, kuti angataye thukuta lace cifukwa ca liu limodzi limene sanalimvetse.

I. Umo Cingerezi Cinakhalira Cinenero ca Mapepala

Amishoni oyamba a ku Northern Rhodesia anaphunzitsa ana kuwerenga m'zinenero za anthu a m'dziko. M'caka ca 1924 nthumwi za Phelps-Stokes zinayendera masukulu a ku Africa wa kum'mawa ndi wa pakati, nizilimbikitsa mcitidwe womwewo. Ndipo m'caka ca 1927 bungwe lolangiza boma pa za maphunziro linasankha zinenero zinai kuti zikhale za m'masukulu, ndizo Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Silozi. Cisoli sicinali pakati pa izo. Masiku amenewo Cingerezi cinali ca anthu ocepa amene anafika ku makalasi a pamwamba. Iwo ndiwo anakhala akalaliki a pa boma, omasulira a pa bwalo la mirandu, ndi aphunzitsi onga aja a pa Chalimbana, sukulu imene inakhazikitsidwa m'dziko lomwelo la Asoli m'caka ca 1939. Mlimi wa kumudzi analibe naco nchito yambiri, pakuti malonda ace anatha ndi mau a pakamwa pamaso pa mboni.

Pamene Zambia analandira ufulu pa 24 Okotobala 1964, atsogoleri anaona kuti dziko liri ndi zinenero zambiri, ndi kuti kukweza cimodzi pamwamba pa zinzace kukadautsa nsanje pakati pa mitundu. Potero anasunga Cingerezi cikhale cinenero ca boma. Ndipo ndi lamulo la maphunziro la 1966 ana anayamba kuphunzitsidwa m'Cingerezi kuyambira kalasi loyamba. M'caka ca 2014 boma linabwezera zinenero za m'dziko m'makalasi anai oyamba. Ndipo m'dongosolo la maphunziro la 2023, limene linayamba kulowa m'masukulu m'caka ca 2025, Cingerezi cinaikidwanso patsogolo. Za m'sukulu zasintha-sintha cotero, koma za mapepala ziri monga kale. Malamulo akuru a dziko, monga anakonzedwa m'caka ca 2016, anena kuti cinenero ca boma ndi Cingerezi. Zinenero zisanu ndi ziwiri, ndizo zinai zija pamodzi ndi Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde, zimveka pa wailesi ndi m'sukulu; koma fomu ya ku banki, pangano la nchito ndi kalata ya ku ofesi zilembedwa m'Cingerezi.

II. Pamene Munthu wa ku Chinyunyu Akomana Naco

Mlimi akomana naco pa cimanga cace. Bungwe la Food Reserve Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, ligula cimanga m'matumba a makilogalamu 50, ndipo wogulitsa apatsidwa pepala lochula matumba ace ndi ndalama zace; pepala limenelo ndilo mboni yace pa tsiku la kulipidwa. Akomana naconso pa feteleza ndi mbeu za mtengo wocepetsedwa, zimene boma linayamba kupereka m'caka ca 2002, ndi zimene kuyambira m'caka ca 2009 zidziwika ndi dzina lakuti FISP. Pakuti wozilandira ayenera kukhala wa m'bungwe la alimi, ndipo bungwe liri lonse lifuna mlembi wosunga maina ndi zokambidwa pa misonkhano.

Amai ndi acinyamata akomana naco pa ndalama za citukuko za CDF. M'caka ca 2022 boma linakweza ndalama zimenezi kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa ku nyumba ya malamulo. Ndipo gawo lina linapatulidwa kuthandiza magulu a amai ndi a acinyamata pa malonda ao, ndi kulipirira ophunzira nchito za manja. Koma gulu lofuna ndalamazo liyenera kulemba pempho, kufotokoza nchito imene lifuna kucita, kuwerengera mtengo wace, ndi kupereka zonse kwa komiti ya citukuko ya m'wadi mwao. Amai odziwa bwino lomwe kuweta nkhuku akhoza kutsalira m'mbuyo cifukwa ca kusowa mmodzi wodziwa kudzaza fomu.

Anchito akomana naco tsiku ndi tsiku. Pa cipatala ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya, m'boma lomwelo la Rufunsa, namwino alankhula ndi wodwala m'cinenero cimene wodwalayo amva, koma zimene alembera dokotala, ndi mnzace womlandira nchito usiku, ziri m'Cingerezi. Ndipo mnyamata wopita ku Lusaka kukagwira nchito ya m'sitolo, ya m'galaji kapena ya ulonda, apeza lamulo la nchito la 2019, lochedwa Employment Code Act, limene linena kuti pangano la nchito ya miyezi 6 kapena kuposa pamenepo likhale lolembedwa. Lamulolo linaikidwa kuti limchinjirize. Komatu pepala silingathe kuchinjiriza munthu amene sadziwa cimene lanena.

III. Mau a Ndalama Oyenda Awiri-awiri

Mau obvuta a pa malonda sali ocuruka, ndipo ambiri a iwo ayenda awiri-awiri, oyandikana pa pepala koma osiyana kutari pa thumba la munthu. Wophunzira ayambe ndi awa.

"Grant" ndi thandizo losabweza. "Loan" ndi ngongole, yoyenera kubwezedwa pamodzi ndi ciongola dzanja cace, cimene acichula "interest". Zonse ziwiri zipezeka m'ndalama za CDF. Ndipo gulu limene lilandira ngongole, niliyesa mphatso, lidzalira pa tsiku la kubweza.

"Per month" ndi pa mwezi. "Per annum" ndi pa caka. Munthu wokongola K2,000 pa ciongola dzanja ca 10 pa 100 "per annum" aonjeza K200 pa caka conse. Koma ngati pepala lati "per month", aonjeza K200 mwezi uli wonse, ndiyo K2,400 pa miyezi 12, kuposa ngongole yeni-yeniyo. Liu limodzi lokha ndilo lasintha, koma mbuzi za m'khola zikhoza kupita nalo.

"Gross pay" ndi malipiro onse asanacotsepo kanthu. "Net pay" ndi zimene munthu alandira m'dzanja. Pakati pa ziwirizi pali zocotsa za lamulo, monga za penshoni ya NAPSA, imene itenga 5 pa 100 iri yonse kwa wanchito, ndi 5 inanso kwa womlemba nchito. Pa malipiro a K3,000, NAPSA yokha icotsa K150. Wosadziwa ici ayesa kuti abwana amubera; wodziwa ayang'ana pa pepala la malipiro ace, nafunsa ngati ndalama zocotsedwazo zafikadi ku NAPSA pa dzina lace.

"Shall" ndi "must" amanga munthu m'pangano: cinthuco ciyenera kucitika. "May" angopatsa mpata: cikhoza kucitika, cikhozanso kulekeka. Ngati pangano lanena za nyumba ya wanchito ndi liu lakuti "may", bwanayo sanalonjeze nyumba.

"Probation" ndi nthawi yoyesedwa, munthu asanakhazikike pa nchito. Lamulo la 2019 lija liika miyezi 3, imene ikhoza kuonjezedwa ndi miyezi 3 ina. Cifukwa cace wanchito alembe tsiku limene anayamba, nawerenge miyezi yace.

Alipo mau ena atatu oyenda pamodzi. "Quotation" ingonena mtengo umene wogulitsa afuna, kanthu kasanagulidwe. "Invoice" ndi pepala loitanitsa ndalama za katundu. "Receipt", imene anthu aichula lisiti, ndiyo icitira umboni kuti ndalama zaperekedwa. Msungicuma wa gulu amene asunga "invoice" m'malo mwa lisiti adzasowa coyankha pamene anzace amfunsa kumene ndalama zinapita.

IV. Misampha Yobadwa m'Cizolowezi ca Lilime

Zolakwa zina ziwagwera ngakhale ophunzira bwino, pakuti munthu atengera macitidwe a cinenero cace m'Cingerezi, osadziwa kuti watero. Misampha yotere iripo isanu yaikuru.

Woyamba ndi liu lakuti "yes". M'Cinyanja munthu akafunsidwa kuti, "Simunalipire kodi?" ayankha kuti, "Inde," kutanthauza kuti zoonadi sanalipire. M'Cingerezi wosalipirayo ayenera kuti "No". Akati "Yes", wofunsayo angamve kuti ndalama zinaperekedwa. Njira yopulumukira ndiyo kuyankha ndi mau athunthu: "No, I have not paid."

Waciwiri ndi "borrow" ndi "lend". Liu lakuti kubwereka ligwira mbali zonse ziwiri: munthu abwereka khasu kwa mnzace, ndipo mnzaceyo ambwereka khasu. M'Cingerezi "borrow" ndi la wolandira, "lend" ndi la wopereka. Mlembi akasokoneza mau awa m'buku la gulu, mwini ndalama asanduka wamangawa.

Wacitatu ndi zilembo "l" ndi "r", zimene m'Cinyanja sizisiyanitsa mau, koma m'Cingerezi zisiyanitsa. "Collect" ndi kukatenga. "Correct" ndi kukonza colakwa. Kalaliki wouzidwa kukonza lisiti angangolitenga, nabwera nalo liri ndi colakwa comweco.

Wacinai ndi "he" ndi "she". Cinyanja ciri ndi liu limodzi, lakuti iye, la mwamuna ndi mkazi yemwe. Pakuceza kusokoneza mau awa kungoseketsa. Koma m'lipoti la mlonda kapena la namwino kukhoza kuloza munthu wolakwika.

Wacisanu ndi manambala. "Fifteen" ndi "fifty" zimveka zofanana pa foni, ndipo pakati pa matumba 15 ndi matumba 50 pali cakudya ca banja ca miyezi yambiri. Nkhani ya ndalama itsirizike ndi manambala olembedwa. Wolembayo asamalenso mpatuliro ndi kadontho, pakuti K1,500 si K1.50 ai. Ndiponso tsiku lolembedwa 03/04 liwerengedwa 3 Epulo ku Zambia, koma ku America liwerengedwa 4 Marichi. Wanzeru alemba dzina la mwezi ndi zilembo.

V. Kalata ya Nchito

Kalata ya kumudzi iyamba ndi moni, ifunsa za moyo wa onse, inena za mvula ndi za maliro, ndipo cofunikaco cidza kumapeto. Umenewo ndi ulemu woyenera pakati pa abale. Koma kalaliki wa mu ofesi ali ndi makalata ambiri pa tebulo lace, ndipo amcitira ulemu iye amene samtayitsa nthawi. Kalata ya nchito ikhale ndi izi, cimodzi pambuyo pa cinzace: keyala ya wolemba ndi tsiku, keyala ya wolandira, moni, mzere wa mutu wonena nkhani yonse m'mau ocepa, nkhani yeni-yeniyo, mau otsazika, ndi dzina. Woyamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam" atsirize ndi "Yours faithfully". Koma wochula dzina la munthuyo pa moni atsirize ndi "Yours sincerely".

Nkhani ya m'kalata iyankhe mafunso atatu: wolemba ndani, afuna ciani, ndipo acifuna liti. Wopempha nchito achule nchitoyo, kumene anaimva, maphunziro ace, ndi zimene adziwa kucita. Asacurutse mau a umphawi wa kwao, pakuti bwana afuna kudziwa ngati nchito idzagwirika. Wodandaula za malipiro ocedwa achule tsiku limene anapereka katundu, ciwerengero ca matumba, ndi nambala ya lisiti. Asatukwane, pakuti kalata yamwano ikhala m'bokosi la ofesi zaka zambiri mkwiyo utatha kale. Liu lalifupi limene wolemba alidziwa liposa lalitari limene wangolitola m'buku la mau. Ndipo asatumize kalata asanasunge ina yofanana nayo. Malamulo omwewa agwiranso pa makalata a pa kompyuta ndi pa mauthenga a pa foni opita kwa abwana.

VI. Ulemu ndi Kufunsa

Cinyanja cionetsa ulemu ndi liu lakuti inu, ndi kuika "a" patsogolo pa dzina. Cingerezi ciri ndi "you" yekha, wa mwana ndi wa mfumu yemwe; ulemu wace uli m'mau onga "please", "thank you" ndi "would you", ndi m'kuchula munthu "Mr", "Mrs" kapena "Madam". Mnyamata wonena kwa kapitao wace kuti "Give me the key" sanatukwane, koma amveka ngati wolamulira. Akaonjeza "please" wakonza zonse.

Koma ngozi yoposa zonse pa nchito ndi manyazi. Munthu auzidwa kanthu mofulumira, sanamve, koma agwedeza mutu kuopa kuyesedwa mbuli. Napita, nacita cina. Makolo anati, safunsa anadya phula. Wophunzira aloweze ziganizo zitatu izi, nazinene osacita manyazi: "Please say that again," ndiko kupempha kuti abwerezenso, "Please write it down," ndiko kupempha kuti alembe, ndi "May I read it first?" ndiko kupempha nthawi ya kuwerenga asanalembe dzina. Bwana woona mtima sakana pempho lacitatulo. Wolikana wacenjeza kale wanchitoyo. Ndi bwinonso kubwereza lamulo limene munthu wapatsidwa, kuti wolamulayo amve ngati lamveka.

VII. Njira ya Kuphunzira

Munthu wa ku Chinyunyu sayenera kudikira mpaka atapeza ndalama za koleji. Mabuku ace oyamba ali m'nyumba mwace: thumba la feteleza, lisiti la cimanga, fomu ya CDF, pepala la malipiro la mbale wace. Agule kabuku, nalembemo mau asanu pa sabata iri yonse, liu liri lonse pamodzi ndi ciganizo cimene analipezamo ndi tanthauzo lace m'Cisoli kapena m'Cinyanja. Pa masabata 52 adzakhala nao mau 260, ndipo onse adzakhala mau a nchito yace.

Achere khutu ku wailesi ya ZNBC: amve nkhani za tsiku m'Cinyanja pa Radio 1, namvenso nkhani za m'Cingerezi pa Radio 2, pakuti wodziwa kale nkhani amva mau ace msanga. Akapeza nyuzipepala, monga Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail, awerenge zolengeza za nchito, nayese kulemba kalata yoyankha cimodzi ca izo, ngakhale sadzaitumiza. Anthu atatu kapena anai akomane madzulo m'miyezi ya malimwe, nchito ya m'munda itacepa. Wina akhale kalaliki, wina wopempha nchito, wina wodandaula, nakonzane zolakwa popanda kusekana. Mlembi wa gulu alembe zokambidwa pa msonkhano m'zinenero ziwiri, nawerengere anzace zonse ziwiri.

Wokhala ndi mwai wa kupitiriza apeza maphunziro a za malonda ndi za ukalaliki pa masukulu onga Evelyn Hone College ku Lusaka, imene inatsegulidwa m'caka ca 1963. Koma asanalipire ndalama pa sukulu iri yonse ya nchito, afunse ngati inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuyang'anira masukulu otere.

VIII. Udindo wa Wodziwa

Pamudzi, wodziwa Cingerezi agwira mphamvu yaikuru pa anzace. Mai wamasiye amtengera kalata ya penshoni ya mwamuna wace. Nkhalamba imtengera pepala la munda. Gulu lonse limuikira ndalama zace m'manja. Akhoza kulumpha mzere, kapena kubisa liu, ndipo palibe angamgwire tsiku lomwelo. Wocita cotero waba monga wothyola nkhokwe usiku, ndipo ali ndi mlandu pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Wokhulupirika awerenga pepala lonse, ngakhale timalemba tating'ono ta pansi, nalimasulira pamaso pa mboni. Ndipo pamene iyenso sanamvetse, anena poyera kuti sanamvetse, nakafunsa kwa mphunzitsi kapena ku ofesi.

Asapeputsenso cinenero ca amace cifukwa ca Cingerezi cimene watola. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Ndiponso cinenero ca kwao ndico muyeso wa kuphunzira kwace. Akatha kufotokozera agogo ace m'Cisoli cimene pangano lanena, ndalama zingati, tsiku liti, ndi cimene cidzacitika akalephera kubweza, pamenepo walimvadi pepalalo, ndipo akhoza kulemba dzina lace. Akalephera, ayambe waika colembera pansi.

Mafunso Okambirana

1. Nanga ndi mapepala ati a Cingerezi amene ali m'nyumba ya wowerenga lero, ndipo ndi mau ati m'menemo amene sawadziwa?
2. Munthu wokongola K1,000 pa 5 pa 100 "per month" adzaonjeza ndalama zingati pa miyezi 12? Nanga zikadakhala "per annum"?
3. Kodi "invoice" isiyana bwanji ndi lisiti, ndipo msungicuma ayenera kusunga citi pa ndalama zimene walipira?
4. Wophunzira alembe kalata ya mizere isanu ndi itatu yodandaula za malipiro a cimanga ocedwa, nachule tsiku, matumba ndi nambala ya lisiti.
5. Mlembi wa gulu ayenera kucita ciani akapatsidwa pepala limene iye mwini sanalimvetse?